Satchel Paige: chitseko chinatseguka mkono utakalamba

Kwa zaka zambiri, munthu akatsegula mabuku a ligi yaikulu ya baseball ya ku America n'kufufuza dzina la Satchel Paige, ankapeza manambala awiri: anapambana masewera 28, anagonja 31. Ine ntchito yanga ndi ya choko ndi cholembera chofiira, ndiye manambala otere ndimawadziwa. Mwana akapeza 28 pa 59 sanafike ndi theka lomwe, ndipo pa lipoti lake timalembapo kuti alimbikire. Koma Paige yemweyu ndi amene Joe DiMaggio, mmodzi mwa akatswiri omenya mpira m'mbiri yonse ya masewerawa, anamutchula kuti ndiye woponya mpira woopsa kuposa onse amene anakumana nawo. Pakati pa manambala aja ndi mawu a DiMaggio pali nkhani imene imandisowetsa mtendere, ndipo ndati ndiitule kwa awerengi anzanga a tsamba lino.

Baseball si masewera akwathu kuno, choncho ndiyambe ndafotokoza pang'ono. Matimu amakhala awiri, anthu 9 mbali iliyonse. Timu ina imamenya mpira ndi chibonga, inayo imaponya ndi kuwakha, kenako amasinthana mpaka zigawo 9 zitatha. Koma nkhondo yeniyeni imakhala ya anthu awiri: woponya, amene amaima pa kachulu pakati pa bwalo, ndi womenya, amene amaima mamita 18 ndi pang'ono patsogolo pake. Mpirawo ndi wolimba, kukula kwake ngati lalanje. Woponya ayenera kuudutsitsa pamwamba pa kambale ka masentimita 43 m'lifupi, pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenya. Womenya akaphonya katatu watuluka, ndipo atatu akatuluka timu yawo imasiyira inzake. Akaumenya bwino amathamanga kuzungulira malo anayi, akafika pomwe anayambira ndiye chigoli. Amene anakula akugenda mango amvetsa msanga kuti mphamvu yokha siikwanira, pamafunika kulunjika. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mango ake ali ndi chibonga m'manja ndipo akuudikira mwalawo.

Leroy Robert Paige anabadwa pa 7 Julaye 1906 mumzinda wa Mobile, m'chigawo cha Alabama, kummwera kwa America. Kumeneko tsankho la khungu linali lamulo lenileni la boma: sukulu zosiyana, zipatala zosiyana, ngakhale mipando ya m'sitima yosiyana. Bambo ake ankasamalira minda ya maluwa ya anthu, mayi ake ankachapa zovala. Ali mwana ankagwira ganyu pa siteshoni ya sitima kunyamulira apaulendo zikwama, ndipo akuti dzina loti Satchel, lomwe pa Chingerezi ndi kachikwama, linachokera pamenepo. M'chaka cha 1918, ali ndi zaka 12, anagwidwa ataba tinthu m'sitolo ndipo anamutumiza ku Mount Meigs, kusukulu yosungirako ana akuda opalamula milandu. Anakhalako zaka zisanu. Kumeneko n'kumene dzanja lozolowera kugenda miyala linaphunzira kuponya mpira mwadongosolo. Anali wamtali, woonda ngati nsungwi, ndipo poponya ankakweza mwendo wakumanzere m'mwamba kwambiri moti womenya ankangoona phazi, mpira n'kutulukira ali wosakonzeka.

Anayamba kulipidwa ngati wosewera weniweni mu 1926 ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee, ndipo chaka chotsatira anapita ku Birmingham Black Barons. Awa anali matimu a anthu akuda okhaokha. Ligi yaikulu inalibe lamulo lolembedwa loletsa munthu wakuda, koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 eni matimu anangomvana pakamwa kuti asalembe aliyense wakuda, ndipo pangano losalembedwalo linagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 60. Anthu akuda sanakhale manja lende. Mu 1920 mkulu wina dzina lake Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu ku Kansas City n'kukhazikitsa ligi yawoyawo, ndipo ena anatsatira. Apa ndingokumbutsa kuti America yomweyi ndi imene Dr Hastings Kamuzu Banda anaipeza atapita kukaphunzira mu 1925, ndipo sukulu ya zachipatala ya Meharry imene anamaliza mu 1937 ili ku Tennessee komweko. Inali ya ophunzira akuda pa chifukwa chomwecho chimene matimu a Paige analili a osewera akuda.

Moyo wa m'maligi amenewa unali wa pamsewu. Ndalama za masewera a mu ligi zokha sizinkakwanira, choncho matimu ankayendayenda m'matauni ang'onoang'ono kusewera ndi aliyense wofuna, kaya timu ya pamgodi, ya pafakitale kapena ya pamudzi, bola pageti patoleredwe kangachepe. Ankagona m'basi chifukwa mahotela ambiri sankawalandira. Woponya wa mu ligi yaikulu akasewera lero ankapumitsa mkono masiku angapo. Paige ankaponya lero, mawa ndi mkuja, chifukwa dzina lake ndi limene linkadzaza bwalo, ndipo pofika pachimake pa kutchuka kwake ankalandira gawo lake pa ndalama za pageti. Nyengo yozizira ikafika ankawolokera ku Cuba kapena ku Puerto Rico kukapitiriza. Mwiniwake ankati m'moyo wake anaponya masewera pafupifupi 2,500. Nambala imeneyi ndi ya pakamwa pake, ndipo anali munthu wodziwa kukometsa nkhani, koma ngakhale mutaidula pakati ikadali ntchito yoti mkono umodzi sukanayenera kuipirira.

Ankadziwanso kusangalatsa anthu. Pokonzekera masewera ankaika pansi kapepala kokutira chingamu n'kumadutsitsa mpira pamwamba pake, kusonyeza kuti kambale ka masentimita 43 kaja kwa iye kanali ngati lichero. Nthawi zina ankauza anzake owakha mipira kutali kuti achoke m'malo awo adzakhale pansi, iye n'kutsala yekha ndi womenya, ndiye kuti womenyayo akangoukhudza mpira palibe woutola. Ena amati kunali kudzitama. Ine ndimaona munthu amene anazindikira kuti popeza palibe buku limene lidzasunge ntchito yake, ayenera kuilemba m'maso mwa anthu.

Sindikufuna kumusandutsa woyera mtima. Eni matimu ankadandaula naye chifukwa ankasaina pangano lero, mawa akamva kuti kwina kuli ndalama zambiri wanyamuka osatsanzika. Ankafika mochedwa pa masewera. Mu 1937 anasiya Pittsburgh Crawfords n'kupita ku Dominican Republic kukasewerera timu ya wolamulira wankhanza Rafael Trujillo, ndipo anakokera anzake angapo komweko, mpaka timu ya Crawfords inagwa mphwayi osadzukanso bwinobwino. Komabe munthu amene alibe penshoni, alibe inshuwalansi, ndipo chuma chake chonse ndi mkono umodzi, ndimavutika kumuweruza pa nkhani yothamangira ndalama.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti azungu a mu ligi yaikulu sakanati sankamudziwa. Ligi yawo ikatseka, akatswiri awo ankapanga matimu apadera n'kumasewera ndi matimu a anthu akuda kuti apeze ndalama zapambali. Mu 1934 Dizzy Dean, amene chaka chimenecho anapambanitsa St. Louis Cardinals masewera 30, anakumana ndi Paige m'masewera otere ndipo anamuvulira chipewa. DiMaggio anakumana naye kumayambiriro kwa 1936 ali pafupi kulowa mu New York Yankees. Mu 1935 Paige anatsogolera timu yosakaniza azungu ndi akuda ya ku Bismarck, North Dakota, mpaka kutenga chikho cha dziko lonse cha matimu osakhala a mu ligi ku Wichita. Umboni unalipo wochuluka, pamaso pa anthu masauzande. Koma masewera amenewa ankatengedwa ngati achisangalalo chabe, ndipo sankalowa m'buku lililonse.

Mu 1938 ali ku Mexico mkono unafa. Sankathanso kuukweza bwinobwino, ndipo panalibe timu yomufuna. J.L. Wilkinson, mwini wa Kansas City Monarchs, anamutenga n'kumuika mu timu yachiwiri yoyendayenda, makamaka kuti dzina lake lizikopa anthu. Patapita miyezi mkono uja unadzuka wokha. Anabwerera ali munthu wina: liwiro linali litachepako, koma anali ataphunzira kupotoza mpira, kusinthasintha liwiro ndi kuwerenga maganizo a womenya. Mu 1942 Monarchs inagonjetsa Homestead Grays masewera anayi otsatizana n'kutenga ukatswiri wa maligi a anthu akuda, ndipo Paige anaponya m'masewera onse anayi. Mu Grays munali Josh Gibson, womenya mpira woopsa kuposa onse m'maligi amenewo.

Kenako chitseko chinatseguka, koma osati kwa iye. Branch Rickey wa Brooklyn Dodgers anasankha Jackie Robinson, mnyamata wofika ku koleji, amene anakhalapo msilikali, ndipo anali atasewera mu Monarchs chaka chimodzi chokha, cha 1945. Robinson analowa mu ligi yaikulu mu Epulo 1947. Rickey ankafuna munthu woti atukwanidwe kwa zaka osabwezera, komanso amene akadali ndi zaka zambiri zosewera, ndipo pa zonsezi Robinson anali woyenera. Mbiri inamuvomereza. Pagulu Paige anamuyamikira, koma m'buku la moyo wake anadzaulula kuti zinamupweteka, poti ndi iye amene kwa zaka 20 ankadzaza mabwalo ndi kuchititsa azungu kuyamba kufunsa chifukwa chimene anthu otere sali mu ligi yaikulu. Gibson yekha sanaone n'komwe tsikulo. Anamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35.

Paige anaitanidwa mu 1948. Bill Veeck, mwini wa Cleveland Indians, amene chaka chapitacho anali atalemba Larry Doby, ankasowa woponya pakati pa mpikisano wothina, ndipo anamusainitsa pa 7 Julaye, tsiku limene ankakwanitsa zaka 42. Zakazo pazokha inali nkhani. Paige ankakonda kuseweretsa atolankhani, uyu kumuuza chaka china, uyo china, mpaka Veeck anapita yekha ku Mobile kukafufuza chikalata cha kubadwa kwake. Izi ife sizitidabwitsa. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 tinaona agogo athu akuwerengera zaka zawo kuchokera pa njala ya 1949. Koma kwa Paige kubisa zaka inalinso nzeru ya malonda, chifukwa mkulu wosadziwika zaka amakopa anthu, ndipo bwana sangamuuze kuti nthawi yake yatha.

Nyuzipepala yotchuka ya zamasewera, The Sporting News, inalemba kuti Veeck wangofuna kukopa anthu ndi nkhalamba ndipo akunyozetsa masewera. Anthu anabweradi. Tsiku loyamba limene Paige anayamba masewera ngati woponya woyambirira, mu Ogasiti, m'bwalo la Cleveland munalowa anthu oposa 72,000. Mwezi womwewo anakumana ndi Chicago White Sox kawiri, ndipo maulendo onse awiri anaponya zigawo zonse 9 osawalola chigoli ngakhale chimodzi. Ulendo wachiwiriwo oonerera anaposa 78,000. Anali ndi kaponyedwe kena komwe ankaponda phazi pansi n'kuimitsa mkono kanthawi, womenya n'kuyamba kugwedeza chibonga mpira usanachoke m'dzanja. Akuluakulu a ligi anakaletsa. Anamaliza chakacho atapambana masewera 6, kugonja amodzi okha. Cleveland inamaliza yofanana mphamvu ndi Boston Red Sox, mpaka panafunika masewera apadera kuti papezeke wopambana, kutanthauza kuti popanda masewera 6 a nkhalamba ija timuyo sikanafika kumapeto. Inatenga World Series pogonjetsa Boston Braves. Paige anakhala munthu wakuda woyamba kuponya m'masewera a chikho chimenechi, koma anamulowetsa kamodzi kokha, tsiku limene timu yake inali itatayika kale, ndipo anatulutsa anthu awiri basi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi momwe nkhaniyi imakambidwira kawirikawiri. Anthu amaikonda ngati nkhani yolimbikitsa: taonani, munthu analowa mu ligi yaikulu ali ndi zaka 42, ndiye palibe kuchedwa, chachikulu n'kusataya mtima. Ife aphunzitsi nkhani zotere timazikonda kuposa aliyense, timazinena pa asembule Lolemba m'mawa ana n'kuwomba m'manja. Koma taganizani amene amapepukidwa mtima ndi kakambidwe kameneka. Ngati palibe kuchedwa, ndiye kuti amene anatseka chitseko kwa zaka 22 za ntchito ya Paige sanamubere kanthu, anangomuchedwetsa. Pomwe zoona zake n'zakuti woponya mpira amafika pachimake ali ndi zaka za m'ma 20 ndi kumayambiriro kwa 30, ndipo zaka zimenezo Paige anazithera m'mabasi ndi m'mabwalo afumbi. Amene Cleveland inamulandira anali wotsala wa Paige. Ngati wotsalayo ankatha kuchita zimene anachita mu Ogasiti 1948, ndiye wathunthuyo anali wotani? Funso limeneli lilibe yankho, ndipo kusowa kwa yankhoko ndiye kuba kwenikweniko. Madzi akatayika saoleka.

Ndikunena izi chifukwa pasukulu yakumudzi ngati yathu anthu ofika mochedwa timakhala nawo chaka chilichonse. Mumapeza mnyamata wa zaka 22 mu Fomu 3, amene anakhala zaka zinayi pakhomo akudikira ndalama ya yunifolomu ndi zina zofunika kusukulu. Mumapeza mtsikana wobwerera atabereka, amene pa buleki amathamangira kunyumba kukayamwitsa. Akalemba mayeso a MSCE n'kupeza mapointi ochuluka, chikalata sichinena kuti anayamba liti kuthamanga kapena anali atasenza chiyani. Chimangonena nambala, ngati 28 ndi 31 uja. Akakhoza bwino timawaimiritsa kutsogolo ngati chitsanzo, ndipo n'koyenera kutero. Chimene sindifuna n'chakuti kukhoza kwa mmodzi wotere kukhale chifukwa choti tisafunse za anzake khumi amene sanabwerere, kapena za mapointi amene iye yemweyo akanapeza akanayamba pa nthawi yake. Paige anali mmodzi. A Gibson anali ambiri.

Palinso mtengo wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Chitseko chitatseguka, maligi a anthu akuda anayamba kufa. Akatswiri anatengedwa mmodzimmodzi, oonerera n'kuwatsatira. Rickey sanalipire Monarchs ngakhale senti pa Robinson. Ligi ina inatha 1948 itangotha, inayo inapitiriza mofooka m'zaka za m'ma 1950. Osewera ochepa analowa m'nyumba yaikulu, koma eni matimu, makochi, oyendetsa mabasi ndi ogulitsa matikiti akuda anatsala panja opanda ntchito. Palibe munthu wanzeru angati tsankho likanapitirira, koma amene analipira mtengo wolithetsa si amene analiyambitsa.

Paige anapitiriza. Veeck atagula St. Louis Browns anamutenganso mu 1951, ndipo mu 1952, ali ndi zaka 46, anapambana masewera 12 mu timu imene inali pafupi ndi kunsonga yakumunsi. Anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi mu 1952 ndi 1953. Atamusiya anabwerera m'maligi ang'onoang'ono ndi pamsewu, kuponya kulikonse kumene kunali ndalama.

Pa 25 Seputembala 1965, Charlie Finley wa Kansas City Athletics anamuitana kuti adzasewere tsiku limodzi. Ulendo uno zinalidi zokopa anthu. Paige anali ndi zaka 59. Anamukhazika pa mpando wogwedezeka wa nkhalamba pambali pa bwalo, namwino wovala zoyera akumupaka mankhwala pamkono, anthu akuseka. Itakwana nthawi anadzuka, n'kukwera pa kachulu kaja, n'kuponya zigawo zitatu polimbana ndi Boston Red Sox. Sanalole chigoli. Mwa onse amene anakumana naye, Carl Yastrzemski yekha ndi amene anaumenya mpira n'kupulumuka. Ndikaganiza za usiku umenewo sindidziwa ngati ndisekere kapena ndikwiye. Anavomera kukhala choseketsa chifukwa ankafuna ndalamayo, ndipo mkati mwa nthabwala yomweyo anachita ntchito yake mosalakwitsa.

Ndalamayo ankaifunadi. Kuti wosewera alandire penshoni ya ligi yaikulu ankayenera kukhalamo zaka zisanu, ndipo Paige ankaperewera masiku 158. Zaka zonse za ku Birmingham, Pittsburgh ndi Kansas City sizinkawerengedwa. Mu 1968 Atlanta Braves inamulemba ntchito kuti angokwanitsa masikuwo. Munthu amene anadzaza mabwalo kwa zaka 40 anapeza penshoni mwa chifundo cha bwana mmodzi.

Ku Cooperstown, m'chigawo cha New York, kuli nyumba yolemekezeramo akatswiri a baseball yotchedwa Hall of Fame. Mu 1966 Ted Williams, mzungu, polandira ulemu wake kumeneko anapempha poyera kuti Paige ndi Gibson adzalowemonso, poti anasowamo chifukwa chongomanidwa mpata. Mu 1971 akuluakulu anavomera, koma poyamba anakonza zoti osewera a m'maligi a anthu akuda aikidwe m'chigawo chapadera, osati pamodzi ndi anzawo. Anthu atakwiya kuti tsankho lomwe lija lalowanso m'nyumba ya ulemu, anasintha maganizo, ndipo Paige anakhala woyamba kulowamo chifukwa cha ntchito ya m'maligi amenewo. Anamwalira ku Kansas City pa 8 Juni 1982.

Mu Disembala 2020, Major League Baseball inalengeza kuti maligi 7 a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 aziwerengedwa ngati maligi aakulu, chigamulo chokhudza osewera pafupifupi 3,400. Mu Meyi 2024 manambala awo anaphatikizidwa m'mabuku, atatoleredwa ndi anthu ofufuza amene anatha zaka akuvundukula nyuzipepala zakale za anthu akuda. Tsiku limodzi lokha Josh Gibson anadumpha Ty Cobb n'kukhala pamwamba pa onse pa kamenyedwe ka mpira, patatha zaka 77 ali m'manda. Masewera opambana a Paige anachoka pa 28 n'kupitirira 120. Amene analowa m'bukumo ndi a mu ligi okha, ndiponso okhawo amene mtolankhani wina anakhalapo n'kulemba zotsatira zake mwatsatanetsatane. A ku Bismarck, a ku Dominican Republic, olimbana ndi Dizzy Dean, ndi mazanamazana a m'matauni ang'onoang'ono kumene basi inkaima masana n'kunyamuka usiku, sanawerengedwe.